Tsiku Limene Ndinapha a Zgambo pa Foni

Ambuye alemekezeke, abale ndi alongo! Monire mose. Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, yewo chomene pondipatsa mpata. Ndikuona mchemwali wanga kumbuyoko wakweza foni, akujambula. Jambulani, mchemwali, sindikuletsani. Koma ndapota, mujambule mpaka kumapeto. Musadule pakati. Ine zodula pakati ndi zimene zandiimika pano lero.

Ambiri mumandidziwa. Kwathu ku Dedza ndine Naphiri, koma nditangofika kuno munandisandutsa NyaPhiri, ine n'kuvomera. Ndine telala uja wa pakhonde la sitolo, kuseri kwa msika wa pa Boma. Bambo a kunyumba amacheka matabwa ku Viphya, amabwera mwa apo ndi apo. Ndi iwo anandigulira foni yaikulu ija, kuti tiziyankhulana tikuonana nkhope. Anagula ndi mtima wabwino, iwo asawerengeredwe mlandu.

Poyamba zinali bwino, ndisaname. Ndinatsegula tsamba pa intaneti loti ndiziikapo madiresi amene ndasoka. Tsiku lina kunagwa mvula ya matalala, ine n'kungolembapo kuti, "Kuno ku Boma yagwa ya matalala, chimanga chagona." Abale, foni inayamba kulira ngati mwana wanjala! Anthu a kuno amene ali ku Joni, amene ali ku Lilongwe, onse kufunsa. Nanga ku Champhira yagwa? Nanga msewu wa ku Manyamula ukudutsika? Nyemba zayamba kupezeka pamsika? Ndinazindikira kuti anthu athu kunjako ali ndi njala ya nkhani za kwawo. Ine ndinayamba kuwadyetsa.

Ndinalemba za amayi ogulitsa tomato. Ndinalemba za akabaza. Ndinalembanso za a Zgambo, bambo okonza njinga pa Manyamula, amene wakabaza aliyense amawadziwa. Ndinawajambula atagwira sipanala, manja ali bii ndi girisi, akuseka. Mwana wawo Wongani, amene amagwira ntchito ku Joni, analemba pansi pa chithunzicho kuti, "Awo mbadada ŵane, yewo mama," kutanthauza kuti awo ndi bambo anga. Tsiku limenelo ndinadutsa pamsika ngati mkazi wa bwanankubwa.

Koma chakomachakoma pusi anagwa chagada. Kunabadwa masamba ena olemba za kuno komwe. Mukadzuka m'mawa, mnzanu walemba kale. Pamenepo ndinagwidwa ndi matenda, abale. Matenda ofuna kukhala woyamba. Woyamba! Osati wonena zoona, ayi. Woyamba.

Mtima wanga unasowa pokhala. Phazi likupalasa makina, diso lili pa foni. Ndinasokapo thumba la yunifolomu chozondoka, mwana wa munthu n'kupita nalo kusukulu choncho. Ambulansi ikangolira pamsewu, ndinkasiya kasitomala manja ali m'mwamba, ndisanamalize kumuyeza, ine uyo ndi tepi m'khosi kukaona kuti yanyamula ndani. Muno momwe, pabenchi yachitatu iyo, ndinkabisa foni m'buku la nyimbo. Abusa mukupemphera, ine ndikuwerenga malaiki. Mukati Amen, ine ndikuyankha komenti. Sindinkadya chakudya n'kuchimva kukoma. Sindinkamvera munthu mpaka amalize chiganizo. Akangoyamba kuyankhula, m'mutu mwanga ndayamba kale kulemba.

Ndiye panali kudzikuza kwinanso. Ndinkadziona ngati Chitumbuka ndachimaliza. Monire m'malo mwa moni, yewo m'malo mwa zikomo, mbwenu m'malo mwa basi, chomene m'malo mwa kwambiri. Ndikaponya timawu timeneti pa tsamba, anthu ankati, "NyaPhiri ngwithu, ndi wathu uyu." Koma Chitumbuka changa chinali cha pamsika ndi cha pamaliro basi. Pamaliro ena ndi pamene ndinamva mlaliki akunena kuti malemu ŵaluta kukaya kwa Ŵadada, kutanthauza kuti apita kwawo kwa Atate. Ine ndinatola theka lokha la mawuwo n'kusunga. Mumtima ndinati, kani kuno munthu akamwalira amati waluta kukaya.

Tsopano mumvetsere bwino. Inali nyengo ya dzinja. Ndinali nditamva kuti a Zgambo agonekedwa m'chipatala ndi chibayo, ndipo sizili bwino. M'mawa wina ndinapita kugeti la chipatala. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinapita kukazonda odwala. Ayi. Ndinapita kukanunkhiza nkhani.

Pagetipo ndinakumana ndi Tiwonge, mwana wamkazi wa a Zgambo, amene ankawadwazika. Ndinkamudziwa, ndinamusokerapo zovala. Anali atasenza beseni, m'besenimo bulangete lopinda, mbale, kapu ndi nsapato za bambo ake. Maso ali psuu. Akuyenda mofulumira.

Ndinati, "Tiwonge, adada ali bwanji?"

Iye osaima n'komwe. Anangoponya mawu akuyenda. "Ŵaluta kukaya, mama."

Abale, nsapato za munthu m'beseni. Maso ofiira. Ŵaluta kukaya. Mukudziwa chimene chinayamba kubwera mumtima mwanga? Osati chisoni. Ndikuchita manyazi, koma ndinene, chifukwa Mulungu anaona kale. Chinayamba kubwera ndi chimwemwe choti palibe wina wamva. Ndinaima pansi pa mtengo pomwepo. Ndinafufuza chithunzi chija cha sipanala. Ndinalemba kuti, "Nkhani yachisoni. A Zgambo a pa Manyamula atisiya m'mawa uno. Mzimu wawo uuse mumtendere." Chala chimodzi, dii! Yapita.

Tiwonge anali asanafike n'komwe pamphambano. Ndikanamuthamangira. Ndikanafunsa kawiri. Paja amati safunsa anadya phula. Ine phulalo ndinadya ndekha, koma mimba inapweteka anthu ena.

Ndinabwerera pakhonde panga. Foni kutentha! Anthu kusheya, kulira m'makomenti, akabaza kulemba kuti tataya dokotala wa njinga. Sindinaonepo anthu ochuluka choncho pa tsamba langa. Ndinagula fanta n'kumamwa. Inde, abale, ndinamwa fanta. Masana atapitirira ndi pamene ndinaona komenti ina yaifupi. "Bodza ili. A Zgambo ndawaona pompano, ali moyo." Ndinati ndi wansanje ameneyu. Kenako inabwera yachiwiri. Kenako yachitatu, yachitatuyo inali ndi chitukwano.

Dzuwa litapendeka, ndinaona Tiwonge akubwera. Beseni lija analibe. Anaima patsogolo pa makina anga.

"Mama NyaPhiri, ine nanguti ŵaluta kukaya. Kukaya! Kumudzi! Ku Manyamula! Anawatulutsa, achira!"

Anapitiriza.

"Maso anga munawaona ofiira? Ndi utsi wa kukhitchini ya odwazika. Masabata awiri ndikuphika ndi nkhuni zaziwisi. Nsapato munaziona? Mapazi atupa, avala masilipasi. Mukanandifunsa, mama. Mukanangondifunsa!"

Ndiye anandiuza zonse, anthu a pamsika ataunjikana. M'mawa umenewo panapezeka kagalimoto ka munthu wa kwawo kobwerera kumudzi, ndipo kutsogolo kunali malo amodzi okha. A Zgambo anakwera, Tiwonge n'kutsala kuti atenge mankhwala ndi katundu, atsatire pa minibasi. Foni yake inali itatha moto kuyambira dzulo lake. A Zgambo sayenda ndi foni. Kagalimoto kaja kanaima kukweza feteleza, kenako kanatitimira m'matope. Nkhani yanga sinatitimire. Inafika ku Joni iwo asanafike pakati pa njira.

Wongani anaiona ali kuntchito. Anaimbira mlongo wake, foni yozima. Ndiye anaimbira mayi ake, a NyaShaba, akulira. "Amama, adada ŵafwa, bwanji osandiuza?" A NyaShaba anali pakhonde akusankha nyemba, akuti aphikire amuna awo akatuluka. Ndi munthu wa bipi. Anaimirira, anakuwa kamodzi, n'kugwa. Anthu anathamangira, akumva dzina la a Zgambo pa foni, n'kuyamba kulira maliro. Kagalimoto kakufika, malemu akutsika okha ndi miyendo yawo. Ena anathawa. A Zgambo akulowa pakhomo pawo, akupeza akazi awo ali pamphasa, pakamwa papotoka, mbali yonse ya kumanja yafa. Kagalimoto komweko kanatembenuka. Tiwonge anakumana nako panjira, bambo ake odwala aja ali kumbuyo atafukata mutu wa mayi ake.

"Amama sakuyankhula," anatero Tiwonge. "Lembani imeneyonso. Mukhale woyamba."

Ndinafufuta nkhani ija pomwepo. Koma madzi akatayika sawoleka. Anthu anali atajambula kale, ikuyenda yokha m'mafoni. Omwe aja ankati NyaPhiri ndi wathu anayamba kulemba kuti mlendo uyu abwerere kwawo. Ena anandipatsa dzina loti NyaMaliro. Makasitomala ankabwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka, osandiyang'ana kumaso. Ine kukhala pansi osatheka. Ndikakhala pamakina, ndaimirira. Ndikalowa m'nyumba, ndatuluka. Ndikazimitsa foni, ndayatsanso kuti ndione akunditukwana bwanji. Ambulansi ikalira, ndinkathawira kuseri kwa sitolo, ndikuti basi a NyaShaba apita. Kupemphera kunakanika. Ndinkati "Atate", mawu ena osabwera.

Bambo a kunyumba atafika Loweruka, sanakalipe. Anangoti, "Amake Chisomo, foniyo ndinagula kuti tiziyankhulana. Mwezi uno mwandiimbira kangati?"

Lolemba atabwerera kuntchito, ndinalongedza chikwama. Ndinati ndithawire ku Dedza, kumene palibe amene amadziwa a Zgambo. Ndinaimitsa wakabaza kuti anditengere kudepoti. Bamboyo anayang'ana chikwama, n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kukaya, mama?"

Abale! Mawu omwe aja! Mulungu sanandiyankhule ndi bingu, ayi. Anandiyankhula ndi wakabaza. Ine ndipite kukaya ndi miyendo iwiri yabwinobwino, ndikacheze ndi pakamwa powongoka, pamene mayi wina ndamugoneka m'chipatala? Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ndinati, "Ayi bambo, kuchipatala."

Ndinawapeza a Zgambo atakhala pabenchi kunja kwa wodi ya amayi, atavala jekete, akutsokomolabe. Ndinagwada pasimenti. Anandiyang'ana n'kufunsa.

"Ndimwe mwanikoma?" Ndinu munandipha?

"Ndine, adada."

"Ho. Chithunzi munasankha chabwino."

Ndinayamba kulira, kupepesa, mawu akuthamangitsana. Anakweza dzanja kuti ndikhale chete.

"Mama, ine munandipha, ndauka. Pa ine palije mlandu. Koma mundiuze, kwanu ku Dedza uthenga wa maliro umayenda bwanji?"

"Amatuma munthu, adada."

"Kunonso timatuma thenga. Amafika, amakhala pansi, amapatsidwa moni. Amayang'ana kuti pakhomopo wodwala mtima ndani. Amaitana wamkulu pambali, amayi ena abwere kaye akhale pafupi. Mbwenu amanena. Mukuganiza kuti makolo sankadziwa kukuwa? Uthenga wa nyifwa, wa imfa, umayenda ndi miyendo kuti ukafike uli ndi manja ogwira munthu akamagwa. Wanu unafika wopanda manja."

Ndinati, "Ndikhululukireni."

Anati, "Ine sindingamuyankhire uyo ali mkatimo. Mukapepese kwa iye. Akayankha, mbwenu yatha."

Akayankha! Abale, mukumva? Chikhululukiro changa chinali m'kamwa mwa munthu amene ine ndinamulanda mawu. Ndinalowa, ndinagwada pambali pa bedi, ndinapepesa. A NyaShaba anangondiyang'ana ndi diso limodzi lotseguka bwino. Malovu akutsika patsaya.

Ndiye mayi uja wosadziwa kudikira anayamba sukulu yodikira. Mawa lake ndinabwera ndi phala. Tiwonge sanandipatse moni. Anangondikankhira beseni la zovala zoipitsidwa, beseni lomwe lija. Ndinachapa. Mawa lakenso ndinabwera. Ndinaphika m'khitchini muja ndi nkhuni zaziwisi, ndipo ndinadziwa m'mene maso amafiirira. Anamwino anatiphunzitsa kuwatembenuza, kupinda ndi kuwongola mwendo, kuwamwetsa pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Supuni imodzi, dikirani ameze. Supuni ina, dikirani ameze. Foni ikunjenjemera m'chitenje, ine manja onse ali pantchito. Masiku oyamba ndinkamva ngati nyerere zikundiyenda m'thupi.

Ndinalembanso pa tsamba, ndi dzina langa lonse, kuti ndinanama, kuti a Zgambo ali moyo, kuti sindinafunse. Anthu amene anasheya imeneyo anali ochepa. Bodza linakwera minibasi, choonadi chinayenda pansi.

Sabata yachitatu, masana, ndinali ndekha pambali pa bedi, Tiwonge atapita kukatenga mankhwala. Ndikuwapaka mafuta m'dzanja lakufa lija. Ndinamva kaphokoso. Ndikuyang'ana, milomo ikulimbana.

"Ku... ka... ya."

Ayankhula! Aleluya! Ndipo taonani Satana m'mene alili wosatopa. Dzanja langa linathamangira lokha m'chitenje, kukagwira foni. Nkhani! NyaShaba wayankhula! Ndine ndekha ndamva! Ndinaigwira ndithu, abale. Ndinaimva kutentha kwake. Kenako ndinayang'ana dzanja linalo, limene linali m'manja mwanga, lolemera ngati mtanda wa dothi. Ndinaisiya foni. Ndinawerama, ndinachita chimene ndinalephera kuchita pageti.

Ndinafunsa. "Amama, kukaya nkhu? Kukaya kuti?"

Ananditsina ndi dzanja labwinolo, apa pamkono. Kutsina kwenikweni! Kenako anakoka mpweya. "Ma... nya... mula." Ndipo mbali imodzi ya nkhope inaseka.

Ndinathamanga ndi miyendo yanga kukaitana a Zgambo pabenchi. Ndinafika, ndinagwada, ndinawagwira dzanja kaye, kenako ndinanena. Wongani anamva kuchokera kwa bambo ake, pa foni ya Tiwonge. Tsamba langa silinamve kanthu.

Koma nditafunsa kuti, "Amama, mwandikhululukira?" sanayankhe. Anatseka maso. Anatuluka m'chipatala, anapita kukaya, yankho langa osapereka. Ndinabwerera pakhonde panga, mtima udakali m'mwamba. Miyezi inadutsa. Ndinkapita ku Manyamula kawiri pamwezi, kukachapa, kukawongola mwendo, kubwerako wopanda yankho. Mawu amene anabwerera ndi ochepa, mutha kuwerenga ndi zala. Kukaya. Yayi. Maji. Wongani. Mawu oti "ndakukhululukira" ndi aatali, lilime lawo silifikako.

Tsiku lina Tiwonge anabwera pakhonde ndi chitenje chatsopano. Anati, "Amama aloza nsalu iyi, aloza njira ya ku Boma. Tikuganiza akufuna muwasokere." Ndinakhala nayo nsaluyo masiku atatu, ine amene kale ndinkadula ndisanayeze. Munthu wa dzanja limodzi zipi yakumsana sangaithe. Mabatani ang'onoang'ono sangawathe. Ndinasoka diresi yotsegula kutsogolo, mkono wa kumanja wotakata kuti dzanja lilowe losapweteka, ndi mabatani akuluakulu atatu. Ndinapita nayo ndekha. Ndinakweza dzanja lija, ndinalilowetsa. Iwo anamanga mabatani okha ndi lamanzere. Batani loyamba. Lachiwiri. Lachitatu linavuta, ine dzanja kuyabwa kuti ndithandize, koma ndinadikira. Linalowa. Anadziyang'ana, anandiyang'ana.

"Ye... wo."

A Zgambo anali pansi pa mtengo akumata chubu. Sanatembenuke n'komwe. Anangoti, "Wayankha, mama. Mbwenu yatha."

Ambuye alemekezeke! Ndinalira ngati mwana, pabwalo pa anthu.

Lero ndikusokabe pakhonde pomwe paja. Makasitomala ena anabwerera, ena ayi. Ena amanditchulabe NyaMaliro, ndipo ndimayankha. Tsamba lilipo, ndimalembabe za mvula, za msewu, za nyemba, chifukwa ana athu kunjako njala ija akadali nayo. Koma ndimafunsa kawiri. Chitumbuka chikandipitirira, ndimati bwerezani. Za maliro sindilemba mpaka eni ake anditume. Masiku ambiri ndimakhala womaliza. Sindinganame kuti matenda aja anatheratu. Ambulansi ikalira, phazi limaimabe pamakina. Mundipempherere.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanalole kuti ndikhale ndi manda pamutu panga. Ndikuthokoza bambo a kunyumba, amene tsopano ndimawaimbira mpaka amadandaula. Ndikuthokoza inu amene simunandithamangitse pabenchi yachitatu.

Mchemwali wojambula, mwafika kumapeto, yewo. Mutha kutumiza. Lachinayi ndinakwera kabaza kupita ku Manyamula kukapempha chilolezo choti ndinene zimenezi. A NyaShaba anagwedeza mutu. A Zgambo anati, "Kaneneni, koma mukanenenso kuti ndili moyo ndipo ndikukonzabe njinga, chifukwa mpaka lero ena akudutsa nazo kupita kwina."

Ndiye ndanena. A Zgambo ali moyo. A NyaShaba akuyenda ndi ndodo. Koma dzanja lawo lamanja silinabwerere, abale. Nyemba amasankha ndi lamanzere. Ndikapita kukawaveka, ndimalinyamula ndi manja anga awiri dzanja limene ndinaligwetsa ndi chala chimodzi.

Yewo chomene. Mulungu atisunge tonse. Amen.